Nyenyezi Sizikukwera mu Dress to Impress: Chavuta N'chiyani, Mungakonze Bwanji

Dandaulo limabwera lomwelo, kaya kwa osewera a ku Kapata ndi ku Mchini mu Chipata, ku Katete kapena ku Lundazi kuno kum'mawa kwa Zambia: munthu wasewera masabata angapo, bandulo yatha kangapo, koma akadali pa renki yoyamba ya New Model kapena wangosendera pang'ono pa yotsatira ya Rising Star. Ambiri amathamangira kunena kuti vuto ndi kusowa VIP, mwayi wolipira wotsegula zovala zina. Si kawirikawiri kuti vuto likhale limenelo.

Dress to Impress ndi masewero a pa Roblox. Mumapatsidwa mutu wa kavalidwe, mumavala m'mphindi zochepa, kenako mumayenda pa runway (poonetsera zovala) ndipo anzanu a m'seva (gulu limene mukusewera nalo) amakupatsani nyenyezi kuyambira 1 mpaka 5. Atatu opambana amaima pa podiyamu. Nyenyezi zimene mwasonkhanitsa ndizo zimakweza renki. Choncho renki yanu ili m'maso mwa anthu ena, ndipo anthuwo amakuonani kwa masekondi ochepa chabe. Chovala chikapanda kunena mutu wake pamasekondi amenewo, kapena foni ikakutulutsani raundi isanathe, ntchito yonse yapita m'madzi.

Musanasinthe chilichonse, lembani papepala nyenyezi zimene muli nazo, sewerani maraundi 10, mulembenso. Pambali pa raundi iliyonse ikani mutu wake, anthu amene anali m'seva, ndiponso ngati munamaliza kuvala. Pepala limenelo ndilo likuuzeni chizindikiro choyambira pa zili m'munsizi. Pa chizindikiro chilichonse tayamba ndi choyambitsa chofala kwambiri.

CHIZINDIKIRO 1: Mwamaliza kuvala, chovala n'chokongola, koma nyenyezi n'zochepa

Ili ndilo vuto lalikulu, ndipo tikhalitsapo.

a) Simunamvetse mutu. Mitu imabwera m'Chingerezi, ndipo yambiri si Chingerezi cha m'kalasi koma mayina a masitayilo. Munthu wokhoza bwino Chingerezi kusukulu angathe kusokonezeka nayo.

Kuyesa kwake: yang'anani atatu amene aima pa podiyamu. Ngati zovala zawo zikufanana mzimu koma chanu chili kwina, vuto ndi mutu, osati luso.

Mitu imene imagwetsa anthu ambiri kuno:
- Y2K: kavalidwe ka cha m'ma 2000. Jinzi yotsika m'chiuno, katopu kakafupi, nsalu zonyezimira, timagalasi tating'ono, kachikwama ka m'khwapa.
- Gothic: zakuda, lesi, nsapato zolemera, milomo yakuda kapena yofiira moderako. Diresi yakuda ya ku phwando yokha sikwana, nkhope iyeneranso kugwirizana.
- Cottagecore: moyo wa kumudzi wa ku Ulaya monga amaujambulira. Diresi yaitali yamaluwa, epuloni, chipewa cha udzu, dengu, mitundu yofewa. Mukavala chitenje ndi duku poganiza za kumudzi kwathu, ovota ambiri sagwirizanitsa.
- Preppy: apa pali matanthauzo awiri. Lakale ndi kavalidwe konga yunifomu ya sukulu yapamwamba, siketi yopindapinda, juzi, kolala yoyera. Ana ambiri masiku ano amatanthauza zowala zapinki. Onani zimene ena akutola m'masekondi oyamba, mudziwe seva yapendekera kuti.
- Monochrome: mtundu umodzi kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kusiyana kukhale pa kuwala ndi kudera kokha.

Kukonza kwake: khalani ndi kope. Mutu uliwonse wachilendo ulembeni, raundi ikatha mufufuze zithunzi zake, mulembe zinthu zitatu zoudziwitsa: mtundu, chovala chachikulu, ndi kanthu kamodzi kogwira m'manja kapena kovala kumutu. Kufufuza raundi ili mkati kumadya nthawi, ndipo pa foni ya RAM yochepa kutuluka mu Roblox n'kubwereranso kumachititsa kuti masewero ayambirenso.

b) Chovala sichikuoneka patali. Povala mumayandikitsa kamera n'kumasirira ndolo ndi zikhadabo. Wovota amaona thupi lonse, nthawi zambiri pa sikirini yaing'ono ya foni. Chimene chimamufika ndi maonekedwe a chovala chonse ndi mtundu wake.

Kuyesa kwake: bwezani kamera m'mbuyo mpaka thupi lonse likwane. Mukadzifunsa kuti mlendo angatchule mutu pongoona, yankho likhale inde. Likakhala ayi, onjezani chinthu chimodzi chachikulu: siketi yotambalala, chikhoti chachitali, chipewa, mapiko, malinga ndi mutu.

c) Mitundu yachuluka. Telala aliyense wa pa Kapata Market angakuuzeni kuti chitenje chamaluwa ambiri chimafuna bulauzi yodekha. Momwemonso muno. Musapyole mitundu itatu: umodzi waukulu, wina wothandiza, wachitatu wa nsapato, chikwama ndi ndolo. Patani ikhale pa chovala chimodzi kapena ziwiri zogwirizana, osati paliponse. Mitundu yoyera nayo imasiyana, ina imapendekera kuchikasu ina kubuluu, ndipo mukaiphatikiza mosasamala chovala chimaoneka ngati chosachapa bwino. Tengani mtundu womwewo pa zonse.

d) Mwavala chovala chimodzi chokha. Masewerowa amalola kusanjikiza zovala. Diresi imodzi yongotola aliyense waionapo kambirimbiri, ndipo anthu sapereka nyenyezi zambiri pa chimene achizolowera. Ikani siketi ziwiri za mtundu umodzi kuti zioneke ngati imodzi yodzaza, koseti pamwamba pa shati, kapena manja a chovala china pansi pa topu yopanda manja. Zovala zina zili ndi mabatani osinthira kutalika kapena kuchotsa mbali ina, yesani chilichonse kamodzi kuti mudziwe. Wozolowera kusankha pa mulu wa salaula ali ndi diso lothandiza apa, chifukwa amadziwa kale kuti zidutswa ziwiri zosiyana zingatulutse chovala chachitatu.

Chenjerani ndi zovala zolowana, pamene nsalu yapansi ikutulukira pakati pa yapamwamba ngati zigamba. Zikatero zipatseni mtundu umodzi kapena chotsani imodzi. Zungulirani kamera muonenso kumsana.

e) Nkhope ndi tsitsi zaiwalika. Mutu wopanda tsitsi kapena nkhope yosasintha imagwetsa ngakhale chovala chabwino. Ovota amatenga ngati simunamalize.

f) Mwangoima pa runway. Sankhani mapozi awiri kapena atatu ogwirizana ndi mutu, muwadziwe pamene ali pa mndandanda. Kudina mapozi ambirimbiri mothamanga kumabisa chovala.

Mutu ukakhala wokhudza chikhalidwe, kwathu kuno tili ndi zambiri: siketi yokulunga ya patani yonga chitenje, duku, mikanda, kapena mitundu ya mbendera yathu, wobiriwira, wofiira, wakuda ndi wa olenji. Dziwani kuti ovota a kumayiko ena sanafikepo ku Mtenguleni pa Nc'wala kapena ku Mkaika pa Kulamba, choncho chovala chikhale chokongola pachokha ngakhale kwa wosadziwa. Za Gule Wamkulu zisiyeni. Si zoseweretsa pofuna nyenyezi.

CHIZINDIKIRO 2: Nthawi imatha musanamalize

a) Simudziwa pamene zinthu zili. Ichi ndicho chimadya nthawi kuposa china chilichonse. Lowani mu Freeplay, mmene mulibe wotchi yokuthamangitsani, muyende chipinda chonse: nsapato zili kuti, masiketi aatali ali kuti, tsitsi, zipewa, zogwira m'manja. Konzani zovala zitatu zapamtima, chakuda, chowala ndi cha ulemu, zimene mungazisinthe pang'ono kuti zilowe m'mitu yambiri.

b) Mumayamba ndi zazing'ono. Tsatirani ndondomeko iyi:
1. Masekondi 20 oyamba: sankhani ganizo limodzi, musalisinthenso.
2. Tsitsi ndi nkhope.
3. Chovala chachikulu ndi mtundu wake.
4. Nsapato.
5. Zosanjikiza.
6. Ndolo, mikanda, chikwama, ndipo zikhadabo kwa Lana, wokonza zikhadabo wa m'masewerowa, pomaliza ngati nthawi ilipo.
7. Masekondi 30 omaliza: manja pansi. Onani kutsogolo ndi kumbuyo basi.

Kuvula zonse patatsala mphindi imodzi chifukwa mwaona mnzanu wavala bwino ndiko kumatulutsa anthu pa runway ali ndi theka la chovala.

c) Chala chikuphonya. Pa sikirini yaing'ono n'kosavuta kudina chovala choyandikana. Imani pafupi ndi chimene mukufuna, yandikitsani kamera, mudine kamodzi n'kudikira. Sikirini ikakhala ndi mafuta kapena galasi loteteza litasweka, pukutani kapena sinthani galasilo.

d) Macheza. Kuyankha aliyense pa chat kudikire mpaka mutamaliza.

CHIZINDIKIRO 3: Masewero akudukaduka, zovala zikuchedwa kuoneka, kapena mwatulutsidwa

Choyamba siyanitsani vuto la netiweki ndi la foni. Mu Settings ya Roblox yatsani Performance Stats muone ping, nthawi imene uthenga umatenga kupita ku seva n'kubwerako. Ikakhala pansi pa 150 ms masewero amayenda bwino. Ikamadumpha kupyola 300 ms, mumadina chovala n'kudikira. Ngati ping ili bwino koma chithunzi chikukakamira, vuto ndi foni.

Manambala amene Roblox imaonetsa pakachitika vuto:
- 277: kulumikizana kwaduka muli mkati.
- 279: foni yalephera kufika ku seva.
- 278: mwakhala mphindi 20 osagwira kanthu.
- 267: masewerowo akutulutsani okha.

Ngati ndi netiweki

a) Anthu achuluka pa nsanja. Madzulo, cha m'ma 19:00 mpaka 22:00, aliyense ali pa intaneti. Yesani raundi imodzi m'mawa pamalo omwewo. Ikayenda bwino, sinthani nthawi yosewera.

b) Malo amene mwakhala. Chipata yazunguliridwa ndi mapiri, ndipo nyumba ya malata ndi makoma ochindikala imafooketsa siginolo. Khalani pafupi ndi zenera kapena pakhonde, muone ngati foni ikukhala pa 4G osatsikira pa 3G kapena E.

c) Mapulogalamu ena akudya bandulo kumbuyo. Imitsani kutsitsa zithunzi ndi mavidiyo kwa WhatsApp, ndiponso kusintha mapulogalamu kodzichitikira kwa Play Store. Ngati mwapatsa ena hotspot, mukugawana msewu umodzi.

d) Bandulo yolakwika. Ya masamba a mchezo okha, monga Facebook ndi WhatsApp, siyendetsa Roblox. Pamafunika bandulo ya intaneti yonse. Kuti mudziwe mmene masewero amadyera, onani Data usage musanayambe ndiponso patatha ola limodzi.

e) Malaiti akapita nthawi yaitali nsanja zina zimafooka, Wi-Fi ya m'nyumba nayo imazima. Pamenepo palibe chokonza pa foni.

f) Okhala cha ku Mwami ndi midzi ya m'malire: foni ingathe kugwira netiweki ya ku Malawi yokha. Zimitsani Data roaming, musankhe netiweki yanu pamanja, kaya ndi Airtel, MTN kapena Zamtel.

Ngati muli ndi SIM ziwiri, yesani iliyonse pamalo omwewo, pa nthawi yomweyo, muyerekeze ping. Netiweki yabwino ku Kalongwezi siingakhale yabwino ku Nabvutika.

Ngati ndi foni

a) Zithunzi zakwera kwambiri. Mu Settings ya Roblox sinthani Graphics Mode ikhale Manual, mutsitse Graphics Quality mpaka pa 1, 2 kapena 3. Ovota amaona chovala chanu pa foni zawo, choncho kutsitsa kwanu sikuchepetsa kukongola kwake kwa iwo.

b) RAM yadzaza. Foni za 2 GB zimavutika ndi masewerowa chifukwa seva yodzaza ili ndi zovala zosanjikiza zambirimbiri. Tsekani mapulogalamu onse, zimitsani foni n'kuyatsanso musanayambe, ndipo pakatha maraundi asanu kapena asanu ndi limodzi tulukani mulowenso.

c) Malo osungira atha. Siyani osachepera 2 GB yopanda kanthu. Pitani ku Settings ya foni, Apps, Roblox, Storage, mudine Clear cache. Clear data imakutulutsani mu akaunti, musaidine ngati pasiwedi simukuikumbukira.

d) Kutentha. Mu Okutobala foni imatentha msanga, ndipo ikatentha imadzichepetsa liwiro yokha. Chotsani kava, musasewere padzuwa, musasewere ili pa chaja, musaiike pa pilo kapena bulangete. Kuiika mu firiji kumalowetsa chinyontho mkati.

e) Battery saver yayaka. Imachepetsa mphamvu ya foni, izimitseni posewera.

Siyani pomwepo, pitani kwa wokonza mafoni ngati:
- chakumbuyo kwa foni chatukuka kapena sikirini yayamba kunyamuka, chimenecho ndi chizindikiro cha batire yotupa, ndipo ingathe kuyaka;
- foni ikutentha mosagwirika ngakhale simukusewera;
- ikuzima yokha batire ili ndi moto;
- pochajira pakununkha kupsa, kapena sikirini ikudzidina yokha.

Batire yotupa musaibaye, musaipanikize, musaichajenso. Popita kwa wokonza tulukani mu akaunti ya Roblox ndipo chotsani SIM ya mobile money.

CHIZINDIKIRO 4: Mukuvala bwino, foni ili bwino, komabe simufika pa podiyamu

a) Seva ili ndi anthu ochepa. Ovota akachepa nyenyezi nazo zimachepa. Onani mndandanda wa osewera, mukapeza atsala atatu kapena anayi sinthani seva raundi ikangotha.

b) Muli gulu la anzawo. Chizindikiro chake: anthu omwewo akupambana raundi iliyonse ngakhale atavala zosemphana ndi mutu. Maraundi awiri akwana kuti mutsimikize. Osakangana nawo pa chat, ingochokani.

c) Anthu akuvota mwaumbombo. Ena amapatsa aliyense nyenyezi imodzi poganiza kuti apambana okha. Inu musatengere. Perekani 4 kapena 5 kwa woyenera, yamikirani chovala chabwino ndi mawu awiri. M'seva imene mwakhalitsa anthu amazindikira wovota mwachilungamo. Kupempha mavoti kapena kulemba kuti "ndipatseni 5 nanenso ndikupatsani" kumanyansa ambiri, ndipo kumakutsitsani.

d) Mumatuluka msanga. Mukaona kuti chovala sichinakome n'kuthawa mavoti asanathe, mwataya ngakhale zochepa zimene mukanapeza. Renki imakwera ndi nyenyezi zimene mumasonkhanitsa pa maraundi omalizidwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha: nyenyezi zapakatikati pa maraundi 20 zimaposa kupambana kamodzi n'kuthawa kasanu.

e) Mwafika pa ma seva a akatswiri. Renki ikakwera pamatseguka ma seva a osewera odziwa, kumene kusanjikiza ndi kutsata mutu kumayang'anidwa kwambiri. Kutsika pa podiyamu masiku oyamba si chizindikiro cha vuto. Walira mvula walira matope. Onani opambana, mulembe chinthu chimodzi chatsopano pa raundi iliyonse.

Nanga VIP? Imagulidwa ndi Robux, ndalama za mu Roblox, ndipo imatsegula chipinda cha zovala zina. Imawonjezera zosankha, koma siikuuzani tanthauzo la mutu, siichepetsa ping, siimaliza kuvala m'malo mwanu. Ngati pepala lanu la maraundi 10 likuonetsa kuti vuto lili pa chizindikiro 1, 2 kapena 3, ndalamayo isungeni kaye. Zovala zina zaulere zimabwera ndi makodi amene eni masewero amalengeza. Lembani kodi ndendende monga ilili, zilembo zazikulu ndi zazing'ono, ndipo ikakana kawiri mwina inatha ntchito.

CHIZINDIKIRO 5: Nyenyezi zasowa, zovala zogula palibe, kapena akaunti yakana kutseguka

a) Mwalowa mu akaunti ina. Pa foni yobwerekana m'nyumba izi zimachitika kawirikawiri. Onani dzina la akaunti musanade nkhawa.

b) Masewero sanamalize kutsegula. Netiweki ikafooka zinthu zanu zimachedwa kuoneka. Tulukani, dikirani mphindi ziwiri, lowani seva ina.

c) Akaunti yabedwa. Zizindikiro: pasiwedi yakana, Robux zatha osagula kanthu, pali anzanu atsopano amene simunawalandire. Pafupifupi nthawi zonse chiyambi chake ndi linki yolonjeza Robux zaulere, VIP yaulere kapena nyenyezi zambiri, kapena munthu wa pa gulu la WhatsApp wonena kuti mumupatse pasiwedi akukwezereni renki. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Palibe tsamba lopereka Robux zaulere, ndipo wogwira ntchito ku Roblox sapempha pasiwedi.

Chitani izi mwamsanga:
1. Ngati mungathe kulowa, sinthani pasiwedi, mupite ku Settings, Security, mutulutse zipangizo zina zonse.
2. Yatsani 2-Step Verification ndipo tsimikizani imelo.
3. Sinthaninso pasiwedi ya imeloyo ngati inali yofanana.
4. Ngati simungathe kulowa, dinani Forgot Password, zikakanika lembani ku Roblox Support. Tchulani dzina la akaunti ndipo sungani malisiti a zonse zimene munagula, ndiwo umboni woti akaunti ndi yanu.

Musalipire munthu aliyense wonena kuti abweza akaunti. Amene angabweze ndi Roblox yokha.

d) Akaunti yatsekedwa chifukwa chophwanya malamulo. Mapulogalamu obera masewero, ma APK osinthidwa (mafayilo oikira pulogalamu pa foni ya Android), ndi kutukwana pa chat zimatseketsa akaunti. Ma APK otere amabweranso ndi mavairasi, chinthu choopsa pa foni imene ili ndi mobile money. Roblox itsitseni ku Play Store kapena App Store basi. Ngati mukuona kuti anakutsekerani molakwa, apilo imapita ku Roblox Support komweko.

Pamene nkhani yaposa masewero

Osewera ambiri ndi ana, choncho gawo ili ndi la makolo, azakhali ndi achimwene omwe. Siyani kusewera ndipo muuze wamkulu ngati:
- munthu akupempha nambala ya foni, chithunzi, dzina la sukulu kapena komwe mumakhala;
- akukuitanirani ku WhatsApp, Telegram kapena Discord polonjeza Robux kapena VIP;
- akukuopsezani kapena kukunyozani mobwerezabwereza;
- ndalama za mobile money kapena za pa kadi zachoka popanda chilolezo cha mwini.

Jambulani sikirini musanachite china, kenako dinani Report ndi Block pa dzina la munthuyo. Ndalama zikachoka imbirani kampani ya netiweki kapena banki tsiku lomwelo, musinthe PIN. Mwana akaopsezedwa kapena kupemphedwa zithunzi, nambala ya Childline kuno ku Zambia ndi 116, yaulere, ndipo nkhani yotere imapitanso ku polisi. Makolo angathe kulumikiza akaunti yawo ndi ya mwana mu Parental Controls, n'kuika malire a nthawi, a ndalama, ndi a anthu amene angalankhule naye. Mwana amene wayamba kugona mochedwa kapena kujomba homuweki chifukwa chothamangira renki ya Top Model, muikireni maraundi owerengeka patsiku, ndipo foni igone kuchipinda kwa akuluakulu.